Mayi Bwerezani ndi Majasi a Kumathithi

Achemwali anga aakulu anasoka majasi a mvula zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, koma pa zaka zonsezo palibe ndi limodzi lomwe limene linavalidwa pamvula. Onse ankapita kumathithi.

Malo amene ankagwirako ntchito ankawatcha fakitale, koma kunali kungolemekeza. Chinali chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa sitolo ya utoto ndi misomali, cholowera kuseri pa masitepe achitsulo. Munali makina khumi ndi awiri m'mizere iwiri, tebulo lalikulu lodulirapo, ndi mazenera atatu, koma lotseguka linali limodzi. Nsalu yake inali ija yapulasitiki, yachikasu, yolemera, imene ikamva kutentha imanunkha ngati tayala lopsa. Pofika masana aliyense mutu unkakhala ukugunda. Nsalu imeneyi imamata pansi pa singano, ndipo achemwali ndiwo anaphunzitsa anzawo kuipaka kasopo kouma kuti iziterereka. Chinanso, ukaiboola polakwika bowolo silitsekekanso. Uyenera kudula chidutswa chonsecho n'kuyambiranso.

Atakhalitsa, anawaonjezera ntchito yoona zimene anzawo asoka. Akapeza msoko wokhota sankakalipa ayi. Ankangobweza jasilo pamakina a mwiniwake n'kunena chapansipansi, "Bwerezani." Dzina linachokera pamenepo. Mpaka lero kumsika amawaitana Mayi Bwerezani, ndipo ena amaganiza kuti ndi dzina la bambo a ana awo.

Ine ndine mng'ono wawo, ndimachapa zovala kuchipatala. Kwathu wa mkamwa ndine. Achemwali ndi munthu woti ukawaponda phazi amapepesa ndi iwo. Amuna awo, amene anali mmisiri womanga nyumba, anamwalira ana akadali kupulayimale, ndipo ana atatuwo anakulira pa singano imeneyo.

Mwini chipindacho inali kampani yomwe imayendetsa alendo kumathithiko. Pakhoma, pamwamba pa tebulo lodulira, panali chithunzi chachikulu cha mathithiwo, chitayera ndi dzuwa mpaka madzi ndi thambo zinkangofanana. Chaka chikamatha abwana aakulu ankakwera masitepe aja atatseka mphuno ndi kampango, n'kuima pansi pa chithunzicho.

"Amayi, mwagwira ntchito. Chaka chamawachi nonse mukaone kumene thukuta lanu limapita."

Amayi ankaomba m'manja. Chaka chamawa chikafika, opita ankakhala a muofesi, akazi awo, ndi alamu awo.

Chaka china zinaoneka ngati zatheka. Analemba maina, anatchula tsiku, anati aliyense abwere ndi nsapato zosaterera. Achemwali anagula nsapato zansalu zoyera, n'kufika pasitolo paja kusanache bwino. Basi inabwera itadzaza kale. Pamipando yawo panali ana a anthu a muofesi, mpaka wantchito wa m'nyumba wa akalaliki, atanyamula khanda. Kapitawo anatsitsa zenera n'kunena kuti, "Pepani amayi, malo atha. Poti mwabwera kale, kwerani mukamalize oda ija." Ndipo anakweradi. Anasoka tsiku lonse atavala nsapato zatsopanozo. Atandiuza madzulo ake ine ndinataya mbale pansi, koma iwo anangoti, "Iwe, basi sinali yathu."

Maso anayamba kuvuta pang'onopang'ono. Kwa chaka chathunthu mayi wa makina oyandikana nawo ndiye ankawalowetsera ulusi pasingano mobisa, iwo n'kumasoka ndi zala, poti msoko unali utakhazikika m'manja. Kapitawo atazindikira, sabata silinathe. Anawachitira kamwambo kotsanzikana ka mphindi khumi, zakumwa zosazizira, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma. Munthu mukumuchotsa chifukwa sakuona, mphatso yake n'kukhala chinthu choti azichiyang'ana! Abwana aakulu sanabwere n'komwe.

Dokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Anati opaleshoni ilipo koma mzere wake ngwautali, ndipo sangalonjeze kuti zikayenda bwanji. Tikutuluka pageti la chipatala achemwali anandigwira dzanja.

"Mng'ono wanga, tenga tchuthi. Ndikufuna ndikawaone madzi aja maso asanatseke."

Mwana wawo woyamba, amene timamutcha Injiniya ngakhale amangokonza mafiriji, atamva anabwera ndi njinga yamoto ili lii.

"Amayi, mwayamba kudwala mutu? Masiku awiri pamsewu kukaona madzi? Madzi ali pampopi apa, nditsegule muone?"

"Tsegula umwe, mtima ukhale pansi," ndinatero ine.

"Amayi aang'ono, inu ndi amene mukuwasocheretsa. Denga likudontha ili. Kandalama kanu kopumira pantchitoko kakanagula malata."

"Dengalo lakhala likudontha iwe uli ndi ndevu zaka zingati? Unalikwerapo?"

Achemwali anatisiya tikangane mpaka malovu atauma. Kenako anati, "Mwanawe, chiyambire sindinapitepo kulikonse kopanda maliro kapena matenda. Ulendo uno wokha ngwanga." Injiniya anangoliza njinga yake n'kumapita.

Sabata lotsatira anasoka majasi awiri abuluu ndi nsalu yotsala imene anagula kwa telala wina. Ine ndinkalowetsa ulusi, iwo n'kumapalasa makina awo akale a pakhonde. Anati sangapite kumathithi ngati mlendo wosadziwa kuti kumanyowetsa.

Tsiku loyamba tinayenda pabasi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tinagona m'katauni kena komwe phula limathera. Kuchokera pamenepo basi kulibe. Kumapita magalimoto oyera a kampani okha, onyamula anthu amene analembetsa kale kuofesi, ndipo ife atationa dalaivala anangopukusa mutu osatsitsa n'zenera lomwe. Tinapeza lole yonyamula simenti ndi makireti a zakumwa yopita ku hotelo ya kumeneko. Mwini wake anatikweza kumbuyo. Tinakhala pamatumba a simenti, amayi awiri aakuluakulu, titafunda zitenje kumutu.

Msewu umenewo sindidzauiwala. Maenje ake ngoti mbuzi ikhoza kugonamo osaoneka. Lole ikagwera m'dzenje mabotolo ankalira onse pamodzi, ife n'kudumpha m'mwamba ngati chimanga chokazinga. Magalimoto oyera aja ankatipitirira limodzilimodzi, mazenera ali chitsekere, n'kutisiyira fumbi lofiira loti kutsokomola mpaka misozi. Ine ndinkawawerenga ndi kuwatukwana. Achemwali ankangoseka.

"Asiye, akupita kukavala majasi anga."

Titadutsa minda tinalowa m'nkhalango, mpweya n'kuyamba kuzizira. Iwo ndi amene anayamba kumva.

"Tamvera. Kukubwera lole ina kutsogoloku."

Ndinatchera khutu. Kunalidi mkokomo, ngati lole yodzaza miyala imene ikubwera koma osafika. Tinayenda pafupifupi ola lathunthu mkokomowo ukungokula. Kenako pamwamba pa mitengo ndinaona chinthu choyera chikukwera kumwamba ngati utsi wa tchire likamapsa.

"Achemwali, utsi uwo! Ndi omwewo!"

Anatembenukira komwe ndinkaloza, anatsinzina, anapukuta magalasi ndi chitenje, n'kuyang'ananso.

"Ndikuona mtambo," anatero. "Tiye tifike pafupi."

Pageti panali kazenera kogulitsira matikiti. Mtsikana wa pamenepo anatiuza kuti njira zilipo ziwiri: ya pamwamba, yongoonera patali, ndi ya m'munsi, yotsika masitepe mpaka pomwe madzi amagwera. Tinagula ya m'munsi. Anatilozera shedi yaitali ya malata kuti tikatenge majasi.

Titangolowa achemwali anaima pakhomo. Majasi achikasu anali atapachikidwa m'mizere inayi, kuyambira pakhomo mpaka kukhoma la kumapeto, mazanamazana, ena akudontha madzi. Anakoka mpweya ndi mphuno.

"Fungo lija," anatero. Anatambasula dzanja n'kusisita jasi loyamba ngati akusisita mwana.

Wosunga majasi anali mayi wonenepa, wamaso otopa, atavala nsapato za jombo. Ataona majasi athu abuluu anati, "Anuwo sungani m'chikwama, mayi. Kuno timavala achikasu okha, kuti wina akaterereka aoneke msanga. Obwereka mumalipira apa."

Ine magazi anathamangira kumutu. "Alipire? Mukudziwa amene mukulankhula nayeyu?"

"Iwe, khala chete," anatero achemwali. "Chifukwa chake n'chomveka. Chikasu chimaoneka m'nkhungu." Analipira okha, n'kulandira jasi.

Zikanathera pomwepo, ndipo tikanatsika bwinobwino. Koma nthawi yomweyo munalowa gulu la alendo a m'magalimoto oyera aja, ena akunja, ena a konkuno ovala bwino, akutsogoleredwa ndi bambo wolondolera alendo, wa chipewa chachikulu ndi mawu a pawailesi. Ankalankhula chilankhulo cha alendowo kenako n'kubwereza m'chathu.

"Majasi awa musawaderere, mabwana. Ngochokera kunja, kutsidya kwa nyanja. Onani kolala, zalembedwa. Akanakhala osokedwa ndi atelala athu a pakhondewa, bwenzi mukubwerako mutanyowa mpaka kabudula wamkati!"

Anthu anaseka. Zinkaoneka kuti nthabwala imeneyi amainena tsiku lililonse, poti anadikira kuti aseke asanapitirize.

Ndinayang'ana achemwali. Zala zawo zinali zikuyenda m'kolala ya jasi lija, ndipo zinaima pa kansalu koyera kosokereredwa mkati.

"Aka n'kachiyani? Sitinkaika aka ife. Tandiwerengera."

Ndinawerenga. Kanali m'chilankhulo chachilendo, koma dzina la dziko linkaoneka bwino, dziko lakutali lomwe timangolimva pa nkhani.

"Werenganso."

Ndinawerenganso.

Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo nkhope ya achemwali ikuchita chimene inachita pamenepo. Anatsegula kachikwama kawo, anatulutsa kasizasi kamene sasiyana nako, n'kudula ulusi wa kansalu kaja, tchwe, tchwe, tchwe. Kenako anakanyamula m'mwamba.

"Bambo inu a chipewa! Tabwerani kuno."

Mawu amenewo anamveka shedi yonse, pamwamba pa mkokomo wa madzi. Ine ndemwe ndinadzidzimuka.

"Agogo, mwatani? Mwang'amba katundu wa kampani?"

"Mwati jasi ili lachokera kuti?"

"Kunja, agogo. Zalembedwa pakansalu mwadulako."

"Pisani m'thumba la kumanzere. Litembenuzeni. Pakona pali timisoko titatu ta ulusi wofiira. Mwationa?"

Bamboyo anatembenuza thumba monyinyirika. Timisoko tinalipo.

"Ameneyo ndine. Tinalipo khumi ndi awiri, aliyense ndi mtundu wake wa ulusi, kuti jasi likalakwika tidziwe wolibwezera. Wofiira ndine. Kutsidya kwa nyanja kwanuko ndi pamwamba pa sitolo ya misomali, ndipo atelala a pakhonde mukuwasekawo ndi ine ndaima pano."

Anayamba kuyenda mumzere, akupisa m'matumba ndi kuwatembenuza, ine ndikutchula mitundu.

"Wofiira."

"Langa."

"Wobiriwira."

"Ameneyo ndi mnzanga wa makina oyandikana nane. Anandilowetsera ulusi chaka chathunthu."

"Wakuda."

"Anamwalira ameneyo, chifuwa. Ankakhala kutali ndi zenera."

"Wofiira. Wofiiranso."

Pa jasi lina anaima nthawi yaitali. Linali litang'ambika m'khwapa, wina n'kulimata ndi selotepi, pena n'kulumikiza ndi tiwaya tomangira mapepala. "Taonani zimene achita. Mphindi zisanu za singano zinawakanika."

Alendo aja anasiya kuseka. Bambo wina wa konkuno anawamasulira anzake akunja, ndipo posakhalitsa aliyense anali akutembenuza thumba la jasi lake. Mayi wina anakuwa, "Langa n'lofiira!" ngati wapambana mpikisano. Wa chipewa uja anazemba, n'kubwera ndi manijala.

Manijala anali mwamuna wa zaka ngati za Injiniya, wa tayi, atanyamula wailesi ya m'manja. Sanapereke moni.

"Ndani akusokoneza alendo kuno?"

"Moni kaye, bambo," anatero achemwali. "Ndine wantchito wa kampani yanu. Ndasoka majasi awa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndikufuna kudziwa amene anaika bodza ili pa ntchito yanga."

"Ine sindikukudziwani. Chimene ndikuona n'chakuti mwaononga katundu."

"Imbani kuofesi. Muwauze kuti Mayi Bwerezani a kuchipinda chosokera."

Anaimbadi, mwina pofuna kutichititsa manyazi. Anatembenuka, analankhula pang'ono, anadikira, n'kubwerera akumwetulira.

"Akuti kuchipinda chosokera kwadutsa amayi ambiri. Sangawadziwe onse."

Pamenepo ine ndinaphulika. Zimene ndinanena sindingazibwereze zonse, zina n'zosayenera munthu wopemphera. Ndinamuuza za basi ija, za nsapato zoyera, za wotchi. Ndinamuuza kuti tayi wavalayo anagula ndi maso a mayi ameneyu. Ndinamufunsa ngati amayi ake anamubereka kapena nayenso anachokera kutsidya kwa nyanja ali ndi kansalu m'khosi. Ena mwa alendo anaseka, iye nkhope inachita mdima.

Amene anatidabwitsa ndi mayi wosunga majasi uja. Anali chiimire kuseri kwa tebulo lake, kenako anati, "Timansaluto ndimasokerera ndine, mayi. Timabwera m'katoni kuchokera kuofesi. Anati alendo sakhulupirira za konkuno. Ine sindinkadziwa kuti osoka ake ndi anthu oti tsiku lina angadzalowe pakhomo apa."

Achemwali anatembenukira komwe kunachokera mawuwo. Anapapasa kansalu kena m'jasi lapafupi.

"N'chifukwa chake msoko wake ngwokhota," anatero. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuuza anthu kuti bwerezani. Inu nokha, mayi, musabwerezenso."

Manijala anamuyang'ana mayiyo ndi diso loti tionana. Kenako anasintha mawu, anayamba kulankhula mofewa, ndipo m'pamene anaonetsa mtima wake weniweni. Anali ataona mmene achemwali ankapapasira zinthu, ndi mmene ine ndinkawawerengera.

"Chabwino, za kansalu tazisiya. Koma agogo, ndaona kuti simukuona bwino. Malamulo athu salola munthu wa maso otero kutsika njira ya m'munsi. Masitepe ngoterera. Mukaonera pamwamba. N'zokomera inu nomwe."

Kuchokera pamwamba, mathithi ali patali ngati kutsidya kwa mabwalo atatu a mpira. Kwa achemwali kukanakhala kuona mtambo womwe uja anauona pa lole. Iye ankadziwa zimenezo. Ndinafunsa kuti lamulolo lalembedwa pati, anati lili muofesi. M'gulu la alendo muja munali nkhalamba ina yakunja yoyenda ndi ndodo ziwiri, ndipo palibe anaifunsa kanthu.

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma achemwali anandifinya mkono. Anavala jasi lija pang'onopang'ono, anamanga mabatani onse mpaka m'khosi, anavala chipewa cha jasilo, n'kukoleka dzanja lawo m'langa.

"Maso anga ndi awa ali pambali pangawa. Tikiti ndagula, jasi ndabwereka. Tiye, mng'ono wanga."

Tinatuluka m'shedi n'kulunjika pomwe masitepe amayambira. Manijala anakuwa, "Alonda! Agwireni amayiwo!"

Mlonda wake anali bambo wachikulire, wa imvi, woonda ngati ndodo yake yomwe. Anaima patsogolo pathu, anatiyang'ana, anayang'ana abwana ake, n'kuvula chipewa.

"Bwana, ine kugwira mayi wamkulu chonchi, manja anga sangathe. Mundilembere kalata ya chenjezo ngati mukufuna." Anapatuka. Titadutsa anatitsatira pambuyo, akuti, "Gwirani chitsulo cha kumanja, mayi, cha kumanzerecho chimagwedera."

Masitepe ake alipo mazana atatu ndi kanthu. Ine ndinkatsogola sitepe imodzi, iwo dzanja lina paphewa langa, lina pachitsulo. Poyamba ndinkawauza zimene ndikuona: mitengo yomera ndere, mizu yolendewera pathanthwe, timaluwa tofiira. Titafika pakati mawu anasiya kumveka. Madzi anayamba kutiwaza kuchokera m'mbali, kuchokera pansi, kulikonse, ngati mvula yosokonekera mutu. Sindinganame, mumtima ndinkati mwina wa tayi uja sananame za kuterera. Kawiri konse achemwali anaphonya sitepe, mlonda n'kuwagwira jasi kumsana.

Kenako tinakhota pathanthwe lina, ndipo mathithi aja anali pamaso pathu.

Chithunzi cha pakhoma chija chinali bodza lina. Mtsinje wonse, waukulu kuposa uliwonse umene ndinawolokapo, umafika m'mphepete mwa phompho n'kungodziponya. Ukayang'ana m'mwamba khosi limawawa usanaone pomwe madzi ayambira. Pansi sipaoneka, pamangowira utsi woyera. Thanthwe limene tinaimapo linkanjenjemera, ndipo mkokomo sunkalowera m'makutu okha, unkagunda m'chifuwa ngati mtima wachiwiri. Utawaleza unali pafupi moti ndikanaponya mwala ndikanaulasa.

Ndinakuwa m'khutu mwawo, "Mukuona?"

Anagwedeza mutu movomera. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaona chinthu choyera chachikulu, chopanda malire, chikutsika osaleka, ndipo aka kanali koyamba m'zaka ziwiri kuona chinthu chikuyenda popanda wina kuwauza kuti chikuyenda. Utawaleza sanauone.

Anasiya phewa langa n'kugwira chitsulo ndi manja onse. Anavula magalasi, poti anali atangodzaza madzi, n'kundipatsa. Anakankhira chipewa cha jasi kumbuyo, madzi n'kumawamenya kumaso ndi m'mutu mwa imvi. Ndiye anayamba kukuwa. Ndinkaona pakamwa pakutseguka, mitsempha ya m'khosi itatuluka, chala chikuloza madziwo ngati akuwazenga mlandu, koma sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Anakuwa nthawi yaitali. Mlonda anayang'ana kumbali. Mpaka lero sanandiuze zimene ananena, ndipo ndikafunsa amati, "Amene ndinkawauza anamva."

Kukwera kunatitengera maola awiri. Bondo lawo lakumanzere linatupa tisanafike pakati, ndipo masitepe omaliza tinachita kuwanyamula, ine mbali iyi, mlonda mbali iyo. Manijala sitinamuonenso, anali atadzitsekera muofesi. Lole inali itapita kale. Mayi wosunga majasi anatitengera kunyumba kwake, kachipinda kamodzi kuseri kwa hotelo, anatenthetsa madzi n'kuwathowa achemwali bondo. Iye wakhala pamalopo zaka zisanu ndi zinayi, koma anatiuza kuti m'munsimo anatsikamo kamodzi kokha, kukatola jasi limene mlendo anataya.

Tinafika kunyumba tsiku lachisanu, achemwali ali ndi chimfine cha sabata ziwiri. Atachira anandilembetsa kalata yopita kwa abwana aakulu, masamba awiri, yaulemu kuposa mmene ine ndikanailembera. Sanapemphe kanthu koma kuti timansalu tija tichotsedwe. Ndinakaipereka ndekha pawindo la ofesi. Yankho silinabwere. Mayi wosunga majasi anamusamutsira kochapa mbale ku hotelo, mlonda anamudula malipiro a masiku atatu. Timansalu anapeza wina wosokerera.

Chaka chotsatira chipinda chosokera anachitseka. Amayi amene anatsala anauzidwa Lachisanu kuti Lolemba asabwere. Tsopano majasi amachokeradi kunja, timapepala topyapyala tovala kamodzi n'kutaya, ndipo akuti tadzaza m'mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje. Amene anatiuza ndi mayi yemwe uja, amatiimbira foni mwa apo ndi apo. Akuti majasi achikasu anawaunjika kuseri kwa shedi, anthu a m'midzi yapafupi n'kumatola, ndipo nthawi ya dzinja ukamadutsa m'minda ya kumeneko umaona alimi ali chikasu chokhachokha.

Opaleshoni inachitika patatha miyezi khumi ndi inayi. Diso lakumanja linatseguka, lakumanzere linakana. Ndi diso limodzilo amasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde, ndipo ulusi amalowetsa okha. Injiniya masiku ano amauza anzake kuti iye ndi amene anatumiza amayi ake kukaona mathithi. Ndinamumva ndi makutu anga pa ukwati wina, ndipo anthu anachita kundigwira.

Anthu akawafunsa achemwali ngati mathithi ngokongola, amayankha mwachidule kuti ndi madzi ambiri, kenako amayamba nkhani ya wa tayi uja, ndipo mawu amakwera. Munthu amene anakhala zaka makumi asanu ndi limodzi osakweza mawu, lero amabweza nyama kubutchala, amadzudzula kondakitala, anakafika mpaka kuofesi ya madzi kukafunsa chifukwa chake mpopi umauma Loweruka lililonse. Ana awo amati ine ndinawaononga. Ine ndimati ndinachedwa.

Bondo lija silinachire. Masitepe atatu a pakhomo la tchalitchi amakwera chammbali, atagwira khoma, ndipo kukazizira sagona nalo. Tsiku lina ndikuwapaka mankhwala ndinawafunsa ngati pena sanong'oneza bondo chifukwa cha ulendo uja.

"Ine ayi," anatero. "Bondoli ndi limene limandinong'oneza ine. Paka bwino, kumbuyoku wasiyako."